Pemphero Lomasula Chikwama cha Azakhali

Amayi anga okondedwa,

Mwadzuka bwanji kumeneko? Nanga bondo lija likutani, lidakalosera mvula mitambo isanaoneke? Achemwali anandiuza pafoni kuti mankhwala opaka amene ndinakutumizirani mukugawira anzanu a kutchalitchi m'malo mopaka nokha. Sindikufunsa ngati ndi zoona, chifukwa ndikukudziwani. Kuno tonse tili bwino: mkamwini wanu, mdzukulu wanu Loya amene pakamwa pake pakukulirakulira, ndi khanda lathu Bwanamkubwa amene simunamuonebe ndi maso. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni mumandidula ndisanafike pakati pa nkhani, ndipo nkhani ya lero ikufuna muimve yonse musanayambe kundiseka.

Ndiyambe ndi manyazi anga kuti tithane nawo. Sabata yatha amayi a kutchalitchi kwathu anandisankha kuti ndiwalankhule za kuchereza alendo. Amayi abusa anati palibe woyenera kuposa ine, pakuti mpingo wonse waona mmene ndasungira Azakhali a mkamwini wanu kuyambira nyengo yozizira mpaka mvula ino, osadandaula ngakhale kamodzi. Ndinaima kutsogolo nditavala diresi langa labwino lija, n'kutsegula mavesi onse onena za alendo. Azakhaliwo anali pa benchi yoyamba, akuponya ameni pa chiganizo chilichonse. Amayi, m'mawa womwewo ndinali nditachapa chikwama chawo chapaulendo n'kuchiyanika moyang'anizana ndi zenera lawo, kuti mwina chiwakumbutse kuti chili ndi ntchito. Anthu anaomba m'manja. Mayi wina anapukuta misozi. Ine thukuta lokhalokha, mpaka m'nsapato.

Mukukumbuka kuti Azakhaliwa anabwera Bwanamkubwa atangobadwa, ati athandize masabata awiri. Ndiwo analera mkamwini wanu makolo ake atamwalira, ndiye kwa iyeyo akatsokomola ndiye kuti alamula. Nyumba yathu ndinakufotokozerani kale: zipinda ziwiri, pabalaza, ndi kakhitchini kamene munthu ukatembenuka umapepesa firiji. Bedi la alendo ndi limodzi, lili m'chipinda cha Loya. Ndilo bedi limene ndinakulonjezani inu. Munati mudzabwera mlendoyo akachoka, popeza inu ndi Azakhali simungagone chipinda chimodzi chichokereni tsiku la ukwati wathu, paja munalimbirana kuyambitsa nyimbo. Munatinso mukufuna kumubereka mwanayu kumbuyo asanayambe kuyenda, monga munachitira ndi adzukulu anu onse, bondo lisanakukanizeni. Mawu amenewo sanandichoke m'mutu. Mwana akukula, bondo likukalamba, bedi lili ndi mwini wake.

Nyengo yozizira ija ndinalibe chodandaula. Ndinali ngati nsanza yofinyidwa, ndipo Azakhali ndiwo ankafunditsa madzi, kuchapa matewera, ndi kumuveka mwana zovala zosanjikiza mpaka ankaoneka ngati kabichi. Khitchini anaikonza mwa nzeru zawo: mchere unasamukira pamene pankakhala shuga, shuga anapita kumene mpaka lero sindikudziwa bwinobwino. Mkamwini wanu anamwa tiyi wamchere kapu yonse, n'kunena kuti wakoma. Majumbo onse a kusitolo amawachapa, kuwayanika, n'kuwapinda timakona ting'onoting'ono. Tili nawo odzaza kabati, ndipo wina akafuna kutaya limodzi amayenera kutuluka nalo m'thumba ngati wakuba.

Masabata awiri anatha, mwezi unatha, ine ndinabwerera kuntchito. Tinapeza malo abwino osiyako ana masana pafupi ndi fakitale. Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mame athu dzuwa linawalephera.

Apa sekani ndithu. Ntchito yanga ku fakitale ya sopo mukuidziwa. Ndine amene ndimaitanira munthu mu ofesi, kumukokera mpando, kumuthirira madzi akumwa, n'kumuuza mwaulemu kuti ntchito yake yathera pomwepa. Ndinapitira ku koleji zimenezi. Amuna a ndevu zawo amatuluka mu ofesi mwanga akundithokoza ngati ndawakweza udindo. Koma mayi mmodzi wovala masilipasi osiyana mitundu anandigonjetsa m'nyumba mwanga momwe. Ndinauza mkamwini wanu kuti awa ndi azakhali anu, alankhuleni. Anati alankhula Loweruka. Loweruka litafika anapita kukametetsa. Loweruka lotsatira anapitanso kukametetsa, pamutu palibe chometa.

Tsono cholakwa chachikulu ndi chanu, Amayi, ndipo musakane. Ndinu munatiphunzitsa kuti pa chakudya chamadzulo aliyense ayambe wathokoza Mulungu asanatambasule dzanja lopempha. Munkati chimene chikukufinya kwambiri ndicho uyambire kuthokoza, mtima usanachite dzimbiri. Ndikukumbuka mukuthokoza chifukwa cha denga lodontha, ife tikusuntha mabeseni, inu mukuti denga lodontha ndi denga limene lilipo. Chizolowezi chimenechi ndinabwera nacho kuno, ndipo chandisunga pa zambiri. Choncho madzulo aliwonse, titagwirana manja patebulo, ine ndinkayamba ndi Azakhali.

Pakamwa panga mukupadziwa, sindithokoza mopimira. Ndinkati, Ambuye, tikanakhala a yani popanda Azakhali? Ndinkati nyumba ino ikanagwa kalekale. Akandipsetsa mtima kwambiri, pempherolo linkatalika kwambirinso. Tsiku limene anachapa siketi yanga yoyera ya kuofesi pamodzi ndi nsalu yofiira, ndinathokoza mpaka nyemba zinazizira. Atayamba kuimba nyimbo za kutchalitchi m'mamawa, ndi mawu awo aja amene amakwera pamene nyimbo ikutsika, ndinathokoza Mulungu potipatsa kwaya yosalipira. Azakhali ankangousa moyo n'kunena ameni wapansipansi. Ine ndinkayesa akhudzidwa mtima.

Chilimwe chinabwera ndi ukali wake. Madzi a m'mipope ankabwera akafuna, ndipo m'bafa munadzaza zidebe moti posamba umayenda ngati ukuwoloka mtsinje. Loya anaguluka dzino lakutsogolo n'kukhala sabata yonse akulankhula ndi mluzu, koma sizinamuletse kutsutsana ndi aphunzitsi ake. Azakhali anabzala tomato m'ndowa zakale pakhonde. Nditaona zimenezo mtima unagwa, chifukwa munthu wobzala tomato pakhonde la eni sakuganiza za basi. Ankalandiranso mafoni ataliatali kuchokera kwa mnansi wawo wina wokonza njinga, amene akuwasungira nkhunda kwawoko. Ankatsekera chitseko n'kumalankhula motsitsa mawu. Nkhunda zimenezo zili ndi nkhani zambiri, Amayi.

M'chilimwe momwemo Bwanamkubwa anatentha thupi. Sindinakuuzeni nthawiyo kuopa kuti mungakwere basi ndi bondo lanulo. Tinakhala pa benchi ya kuchipatala masana onse, mwana ali lefu pachifuwa panga, mzere osayenda. Mkamwini wanu anali kutali ndi ntchito. Azakhali sanandilalikire. Anandigwira dzanja, n'kumaimba kanyimbo kawo kokhota kaja chapansipansi, akumupepeza mwana ndi limodzi la majumbo awo opinda aja. Adokotala atamuona n'kutipatsa mankhwala, Azakhali ndiwo anakumbukira kufunsa kuti amwe asanayamwe kapena atayamwa. Patapita masiku mwana anachira, n'kubwerera ku ntchito yake yokoka tsitsi la anthu. Sabata imeneyo kuthokoza kwanga sikunali mankhwala ofewetsa mtima ayi. Kunali koona. Ndiye mundiuze, munthu wotero umamuuza bwanji kuti bedi likufunika?

Mvula yoyamba itagwa tonse tinatuluka pakhonde kukanunkhiza dothi. Azakhali okha anatsala m'nyumba, ataima pazenera nthawi yaitali. Sabata yomweyo Bwanamkubwa anagwira mwendo wa mpando, n'kudzikoka, n'kuimirira. Anthu onse anakuwa ndi chimwemwe. Inenso ndinakuwa, kenako ndinakalowa m'bafa, chipinda chokhacho chimene chili ndi kiyi, n'kutsegula mpope kuti madzi aphimbe mawu. Kumeneko ndiko ndinkapereka pempho langa lenileni. Ndinkati, Ambuye, patebulo paja ndathokoza kale, tsopano tilankhule zoona: akumbutseni Azakhali kwawo, amayi anga asanachedwe. Ndinapempha motero masiku angapo. Ndinaiwala kuti m'nyumba muno muli Loya, amene khutu lake limalowa pansi pa chitseko.

Tsopano tafika pa madzulo a tsiku lomwe lija ndinalalikira za alendo. Tinagwirana manja. Ine ndinathokoza chifukwa cha Azakhali monga mwa masiku onse, ndipo popeza chikumbumtima chinkandiluma, ndinawonjezera ndime ziwiri. Mkamwini wanu anathokoza chifukwa cha ntchito ndi moyo, pemphero lake lomwe lija silinasinthe chikwatiranireni. Kenako inafika nthawi ya Loya, amene amatchula Azakhali kuti Agogo, ndipo nthawi zambiri amathokoza chifukwa cha buledi wopaka jamu ndi aphunzitsi akajomba.

Anati, Ambuye, zikomo chifukwa cha mvula. Zikomo chifukwa cha dzino latsopano. Zikomo chifukwa cha Agogo. Koma pali chimene sindikumvetsa. Amayi amakupemphani m'bafa kuti Agogo apite kwawo. Agogo amakupemphani m'chipinda mwathu kuti muwamasule apite kwawo. Onse akupempha chinthu chimodzi. Nanga Inuyo mukudikira chiyani? Ameni.

Mkamwini wanu anatsegula diso limodzi n'kuyang'ana kuchitseko, ndipo ndikudziwa kuti ankaganiza zokametetsa. Dzanja langa linali m'dzanja la Azakhali, polichotsa panalibe. Ndinamva dzanja lawo likunjenjemera, ndipo ndinati basi, ndaliza mayi amene analera mwamuna wanga, ukwati wanga walowa mphepo. Nditatsegula maso ndinapeza akuseka, misozi ili chuchuchu, mpweya ukuwathawa.

Atapeza mpweya anati, make Loya, mwandimanga ndi pemphero nyengo zitatu! Anati chikwama chija anachilongedza kuzizira kutangotha, akuti mawa nditsanzika. Madzulo ake ine n'kunena kuti popanda iwo nyumba ikanagwa. Ati munthu wobatizidwa angatuluke bwanji m'nyumba imene wauzidwa pamaso pa Mulungu kuti igwa? Anamasula. Analongedzanso, ine ndinathokozanso, anamasulanso. Ati kwawo anaphunzitsidwa kuti wobwera kudzathandiza sachoka eni nyumba akadamulirira, ndipo ine ndinkawalirira madzulo aliwonse ndi mawu a ku koleji.

Ndinafunsa za chikwama chimene ndinachapa chija. Anati atachiona pachingwe anakhala pabedi n'kunena kuti basi, mpongozi akufuna achisunge choyera pamwamba pa wadiropu, ine ndifera kuno. Za siketi ija analumbira kuti sanachite dala. Koma nyimbo za m'mamawa anavomera. Ati anayamba kukweza mawu mwadala kuti mwina titopa nawo n'kuwatsegulira njira, koma akakweza nyimbo, ine ndinkatalikitsa pemphero. Ati anafika poopa kuti akaswa mbale tidzawamangira chipinda chawochawo.

Tomato uja, Amayi, sanabzale kuti akhazikike. Ankasowa dimba lawo. Mvula itagwa anaima pazenera paja akuganiza za munda wawo umene anzawo onse abzala, wawo uli tchire. Anatinso wokonza njinga uja wanena kuti nkhunda zatopa ndi kudikira. Mkamwini wanu, amene anakhala chete nyengo zitatu, anapeza pakamwa pomwepo n'kufunsa kuti zatopazo ndi nkhunda kapena wozisunga? Azakhali anamugenda ndi kansalu kopukutira mbale, n'kuyang'ana pansi ngati mtsikana.

Ine ndinapepesa ndithu, manyazi atandigwira mpaka m'makutu. Ndinawauza za bedi, za bondo lanu, ndi za lonjezo la kubereka mwana. Anandikalipira pamenepo, osati chifukwa chowafunira ulendo, koma chifukwa chobisa. Ati mwana wa munthu akudikira kubereka mdzukulu wake, inu mukundiphikira tiyi n'kumandiyamikira? Nditawafotokozera chiphunzitso chanu cha kuyamba kuthokoza pa chimene chikukufinya, anagwira pakamwa. Ati ndiye kuti ine ndinali denga lodontha? Kenako anati amayi anu aja ngakhale ali kutali sanasiye kulimbirana nane nyimbo.

Loya tinamuuza kuti si bwino kumvetsera pazitseko. Anayankha kuti iye sanauze munthu aliyense, anauza Mulungu, ife ndi amene tinamvetsera pemphero la eni. Mlanduwo unathera pomwepo.

Ndikulemba kalatayi Loweruka m'mawa, patebulo lomwelo. Lero ndilo tsiku la ulendo, ndipo mkamwini wanu sanapite kukametetsa. Chikwama chili pakhomo, chotseka. Azakhali anayamba kutsanzika titangomwa tiyi. Atsanzika oyandikana nafe onse, mayi wa pa sitolo, ndi mlonda wa pageti amene amakangana naye tsiku ndi tsiku. Amayi abusa nawonso afika kudzawaperekeza, ndipo andiuza kuti ulaliki wanga uja unawadalitsa kwambiri moti akufuna ndidzaubwereze kwa atsikana. Azakhali atsokomola mpaka ndawapatsa madzi.

Andipatsa uthenga wanu, ndipo ndikuupereka monga anaunenera. Akuti bedi lija limatsika mbali ya kukhoma, mugone chapakati. Akuti mwanayu pomubereka amafuna mutu uyang'ane kumanzere, mukalakwitsa akukokani khutu. Akutinso nyimbo yomugonekera muyambitse ndinu, iwo aimba mokwanira.

Pempho langa ndi limodzi, Amayi: bwerani. Musadikire kuti mvula ithe, musadikire kuti bondo lilole, chifukwa silidzalola. Mlongo wanga akuperekezeni kokwerera basi, mkamwini wanu adzakuchingamirani kuno. Dzulo Bwanamkubwa anasiya mpando n'kuima yekha, manja ali m'mwamba, akutiyang'ana ngati tamuchedwetsa ku msonkhano. Sananyamule phazi, koma maganizo ake ndawaona. Ndamuika Loya pa ntchito yoti akamuona akufuna kuponda, amupatse supuni kuti akhale pansi. Sindikudziwa kuti chinyengo chimenechi chigwira mpaka liti. Nsalu yoberekera ndachapa kale. Ndipo tipangane: mukadzalakalaka kwanu mudzanene ndi pakamwa, inenso ndikulonjeza kuti ndizidzakuthokozerani Mulungu mwapang'onopang'ono.

Mundiperekere moni kwa achemwali ndi alamu anga, muwauze kuti nsalu ija inafika ndipo ndiyo inafiiritsa siketi yanga. Moni kwa mlongo wanga, amene akayankha foni mvula imagwa kawiri. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa ana onse a pakhomopo, ndi kwa anzanu a kutchalitchi amene maondo awo akuchira ndi mankhwala anu. Mkamwini wanu akuti mulandire ulemu wake. Loya akuti mubwere ndi mayankho, chifukwa mafunso wakonza kale.

Ndinaima kaye kulemba chifukwa galimoto inafika. Azakhali analowa, n'kutuluka kudzatenga ambulera. Analowanso, n'kutuluka kudzandionetsa kathiriridwe ka tomato, ati ndisathire pamasamba. Analowa kachitatu, dalaivala ataliza injini, n'kutulukanso kudzamunyamula Bwanamkubwa, amene anawakoka duku mpaka linagwa. Dalaivala anagona pa hutala, ndipo Azakhali anamufunsa ngati iyeyo alibe azakhali.

Pomaliza tinagwirana manja pakhomo kuti tipempherere ulendo, ndipo onse anayang'ana ine. Ndinati, Ambuye, tikukuthokozani chifukwa cha Azakhali. Ndinafuna kupitiriza koma m'maganizo ndinaona benchi ya kuchipatala ija, ndi jumbo lopinda likupepeza mwana wanga. Ndisanapeze chiganizo chachiwiri ndinamva chikhatho cha Azakhali chitanditseka pakamwa, chikununkhira sopo wa ku fakitale kwathu. Anati, make Loya, zikwanire pomwepo, ndingamasule chikwama. Loya anati ameni mokuwa, galimoto isanasinthe maganizo.

Tawaimikira manja mpaka akhota pa kona. Ndabwerera m'nyumba, ndavula nsalu za pabedi, ndayala zoyera. Mchere udakali pamalo pa shuga, ndipo ndaganiza zousiya pomwepo. Bedi lili ndi dzenje lake mbali ya kukhoma, likudikira inu.

Mulungu akusungeni mpaka tionane maso ndi maso.

Ndine mwana wanu wachiwiri,
Wailesi yanu yosatha mabatire